A Bwererani ndi Chitini Chawo Chopanda Tako

Apongozi anga ndinawadziwa ndisanadziwe mwana wawo, ndipo tsiku loyambalo anandibweza ndi lole yonse ya konkire.

Ine ndine dalaivala wa malole aja okhala ndi chimgolo chozungulira kumbuyo. Ndimatenga konkire yaiwisi kudepoti kumene amaisakaniza, n'kukaikhuthula kumene akumanga isanayambe kuuma. Ntchito ya apongozi anga, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, inali kudikira malole ngati yangayi pamalo omangapo n'kuona ngati konkire yafikayo ili yoyenera kuthira. Ikakhala yosayenera ankanena mawu awiri okha: "Bwererani nayo." Dzina lawo lenileni linatha ntchito kalekale. Madalaivala, akapitawo, amisiri, ngakhale mayi wogulitsa tiyi pachipata, onse ankawaitana kuti a Bwererani, iwo n'kumayankha.

Zida zawo zinkakwana m'saka imodzi. Munali chitini chooneka ngati ndowa yovundikira, chotambalala kumunsi, chopanikizika kumwamba, chotseguka uku ndi uku, chokhala ndi zogwirira ziwiri m'mbali ndi timakutu tiwiri pansi topondapo. Munalinso ndodo yachitsulo, chimbale chachitsulo chafulati, chipande, tepi yoyezera ndi nsanza. Wosadziwa akanati ndi katundu wa munthu wogula zitsulo zakutha.

Kayezedwe kake ndakaona kambirimbiri moti nditha kukalota. Ankayala chimbale pamalo osapendekeka, n'kunyowetsa chitini mkati, n'kuchiimika, n'kuponda timakutu tija. Ankathira konkire kufika gawo limodzi mwa atatu, n'kuibaya ndi ndodo maulendo makumi awiri ndi asanu. Gawo lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Akasalaza pamwamba ndi kuchotsa zogwera m'mbali, pankabwera chimene iwo ankati ndiyo ntchito yeniyeni: kugwira zogwirira, kuchotsa mapazi, n'kukweza chitini molunjika kumwamba, osapotoza, osagwedeza, akuwerenga mpaka faifi. Konkire inkatsala chiimire yokha, n'kudzikhalira pang'ono. Apo ankatembenuza chitini, kuchiimika pambali, kugoneka ndodo pamwamba pake, n'kuyeza ndi tepi kuti muluwo watsika bwanji. Ukatsika pang'ono kwambiri ndiye kuti konkire yalimba, silowa pakati pa zitsulo. Ukaphwasuka ndiye kuti madzi achuluka, nyumba idzakhala yofooka. Ukagumukira mbali imodzi, lamulo limati yesanso ndi ina, ndipo ikagumukanso ndiye kuti sikugwirana, ibwerere kumene yachokera.

"Konkire sinama," ankatero. "Amanama ndi oinyamula."

Tsiku loyamba lija wonamayo ndinali ine. Ndinali ndangoyamba ntchito, pamsewu panali mdipiti wa magalimoto, dzuwa likuswa mtengo, konkire n'kuyamba kulemera mumgolo. Kapitawo wa pamalopo anandichingamira kuseri kwa mpanda n'kundiuza kuti ndithire timadzi pang'ono, anthu ake asathyoke misana ndi mafosholo. Ndinathira. Timadzi pang'ono ta dalaivala ndi kutsegula paipi n'kudikira mpaka ndudu ithe.

Chitini chitakwera, konkire inafalikira pachimbale ponse mpaka inanyowetsa nsapato za a Bwererani. Tepi sanaitulutse n'komwe. Anayang'ana nsapato zawo, kenako anayang'ana ine.

"Adalaivala, kumene mwachokera kwagwa mvula?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye yagwa mumgolo mokha. Bwererani nayo."

Ndinachonderera, ndinatchula mayi anga odwala amene panthawiyo anali bwinobwino, koma iwo anali atayamba kale kutsuka chitini. Anangondiuza kuti madzi akatayika saoleka, ndipo akalowa mu konkire satulukamo. Kudepoti anandilemba m'buku, ndipo mbiri yoti ndine wothira madzi inandimamatira kuyambira tsiku limenelo.

Ndinawada munthuyo ndi mtima wanga wonse. Patapita milungu itatu, pachipata chomwecho panafika mtsikana atanyamula magalasi a maso m'kachikwama, akufunsa za bambo oyeza konkire. Ine pofuna kuoneka wochezeka ndinamulozera, n'kuwonjezera kuti asamale chifukwa mkuluyo m'chifuwa mwake muli mwala. Mtsikanayo anandithokoza n'kundiuza kuti ndi bambo ake, ndipo za mwalawo akudziwa kale. Patatha zaka ziwiri tinakwatirana. Tsiku limene ndinakaonekera kwawo koyamba, mkuluyo anandiyang'ana pakhomo nthawi yaitali, ine ndikudikira mawu awiri aja. Anangoti, "Lowani."

Za moyo wawo ndazitolera pang'onopang'ono, chifukwa si munthu wokamba za iye mwini. Sukulu anasiyira panjira. Anayamba ntchito ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kukankha wilibala. Chaka chawo chachiwiri anathira nawo masitepe a nyumba ina yosanja, ndipo kapitawo wawo anathira madzi kuti aweruke msanga. Chaka chisanathe masitepewo anayamba kunyenyeka m'mphepete, eni nyumba n'kulamula kuti agumulidwe. Amene anapatsidwa hamala anali iwo. Ntchito imene anaipatsa masiku atatu inatha nthawi ya tiyi isanakwane.

"Anzanga anasangalala kuti taweruka m'mawa," anandiuza tsiku lina. "Ine ndinachita manyazi. Pamasitepepo pankadutsa ana."

Mkulu wina woyeza konkire pakampaniyo anawaona akufunsafunsa, n'kuwaphunzitsa. Atapuma mkuluyo, saka ija inakhala yawo. Kuyambira pamenepo sanakwezedwe, sanatsitsidwe, sanapemphepo kusinthidwa. Ana anayi anakulira pa chitini chopanda takocho. Chimene anamanga okha ndi manja awo ndi sitepe ya pakhomo pawo, ndipo inawatengera Maloweruka atatu chifukwa kawiri konse anakana konkire imene anasakaniza okha. Apongozi aakazi amati milungu itatuyo ankalowa m'nyumba podumpha, mwana ali kumsana, ndipo nkhaniyi sanaikhululukebe.

Kuyenda nawo m'tauni kunali kotopetsa. Ena akaona nyumba yaitali amaona magalasi ndi utoto. Iwo ankaloza n'kunena kuti iyo mulu wake unatsika mamilimita sikisite, iyo eyite, iyo inayo anabweza malole anayi tsiku limodzi ndipo kapitawo wake mpaka lero sawapatsa moni. Pamiyala ija amalembapo mayina a otsegulira nyumba, dzina lawo silipezeka paliponse, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Kuntchito ndinali "adalaivala", kunyumba ndinali "apongozi", ndipo sanasokonezepo ngakhale kamodzi. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati wanga sindinathirenso madzi, iwonso sanandichotserepo kubaya kumodzi. Ndikudziwa chifukwa ndinkawerenga ndili m'lole, kufuna kuwapezera chifukwa. Nthawi zonse zinkakwana.

Chaka chatha, Lamlungu lina tili kwawo, ndinaona kuti apongozi aakazi akuwathirira amuna awo tiyi wa theka la kapu, ife tonse zodzaza. Ndinayesa nkhani ya sitepe ija yafika pa tiyi. Kenako ndinaona dzanja lawo lamanja. Likangonyamula kapu linkayamba njenjenje, pang'ono pokha, tiyi n'kumavina mkati. Ankamwa msanga n'kubisa dzanjalo pansi pa tebulo. Mkazi wanga anali kuyang'ana pawindo, mayi ake anali kuyang'ana buledi. Ndinazindikira kuti m'nyumbamo aliyense akudziwa ndipo agwirizana kuti palibe akudziwa. Nanenso ndinayang'ana buledi.

Miyezi iwiri pambuyo pake tinapezeka pamalo amodzi, pomanga nyumba yosanja yogonamo ophunzira. Lolemba lina ndinafika ndi konkire yabwinobwino. Anayesa, mulu unagumukira kumanja. Anayesanso, unagumukiranso kumanja.

"Bwererani nayo, adalaivala."

Ndinabwerera. Konkire ikabwezedwa imakatayidwa, ndipo wina ayenera kusenza mlandu. Bwana wa kudepoti ananena kuti inachoka pakhomo pake ili bwino, ndiye chimene chinachitika chinachitikira pamsewu. Dalaivala mnzanga anabwezedwanso kamodzi mlungu womwewo, koma iye analibe mbiri. Ine buku lija linatsegulidwa pa tsamba lakale.

Patatha masiku asanu ndi anayi zinachitikanso. Ulendo uno sindinawerenge za kubaya, ndinayang'ana manja. Chitini chinakwera bwino mpaka pakati, kenako dzanja lamanja linachita kugwedezeka, mlomo wa chitini n'kukankha mutu wa mulu. Ndinaona ndi maso angawa, kawiri konse. Madzulo ake bwana anandiitana mu ofesi ndipo sanandipatse mpando. Anati lamulo ndikulidziwa: kubwezedwa kachitatu mwezi umodzi, makiyi patebulo.

Ndinafika kunyumba nditapsa mtima, n'kumupeza mkazi wanga akusita yunifolomu ya ana.

"Mawa ndikawauza a injiniya kuti vuto si konkire," ndinatero.

"Mukawauza, bambo aimitsidwa tsiku lomwelo."

"Nanga ine ndikaimitsidwa?"

"Inu muli ndi manja awiri abwinobwino."

"Manja awiri opanda makiyi adyetsa ndani m'nyumba muno?"

Anaimika simbi n'kundiyang'ana. Sanali kukalipa, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anati bambo ake alibe munda, alibe golosale, alibe mpira umene amatsatira, ali ndi chitinicho basi. Anati ngati ndili mwamuna ndikawauze okha kunyumba kwawo, osati pamaso pa akapitawo amene akhala zaka makumi atatu akudikira kuwaseka.

Lamlungu ndinapita ndekha. Tinakhala pakhonde ola lathunthu, ndipo tinakamba za matayala, za kukwera kwa fumbi pamsewu watsopano, ndi za matayala kachiwiri. Nthawi iliyonse ndikati ndiyambe, ndinkabwereranso ku matayala. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma sananene kuti mbewayo ikanatani ikanakhala kuti wotseka unawo ndi apongozi ake.

Potsanzika ndinapempha kupita kuseri kukasamba m'manja. Pafupi ndi mpopi, m'mbali mwa mpanda, panali timilu tisanu ta konkire youma, tondandalikidwa bwinobwino pa lata lakale. Tonse tinali togumukira kumanja. Ndili chiimire ndinamva mapazi kumbuyo kwanga.

"Ndikufuna kukonza sitepe," anatero.

Sitepe ija ilibe ngakhale kamng'alu, itha kupirira lole yanga. Ndinangoti, "Chabwino, bambo," n'kunyamuka. Panjira ndinakwiya kuposa kale. Ndiye kuti ankadziwa, kapena anali pafupi kudziwa, ndipo ine ndinali nditatsala ndi ulendo umodzi.

Lachinayi m'mawa tinkathira silabu ya nsanja yachitatu. Anthu makumi awiri anali pamwamba ndi mafosholo, kudikira. Panali kapitawo, munthu wa mimba yake ndi pakamwa pake, ndiponso mayi injiniya, wamng'ono msinkhu kuposa mkazi wanga, atavala chipewa choyera. Lole yoyamba inali yanga. Ndinatsika n'kuima pafupi, manja m'matumba.

A Bwererani anayala chimbale, ananyowetsa chitini, anathira, anabaya, anasalaza. Anakweza. Mulu unaima pang'ono ngati ukuganiza, kenako unagumukira kumanja.

Kapitawo anaseka mokweza. "Adalaivala, mvula ija yayambiranso mumgolo?"

Ndinatsegula pakamwa, mawu onse ndinali nawo, ndinali nditawayeserera usiku wonse. Ndinayang'ana mkulu uja atawerama, akuchotsa konkire pachimbale ndi chipande, tsitsi loyera likuonekera pansi pa chipewa, kolala ya malaya yositidwa ndi apongozi aakazi. Ndinatseka pakamwa. Sikunali kukoma mtima ayi, ndinangolephera, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza kumene ndingakafunsire ntchito yoyendetsa minibasi.

Anatapa ina. Anathira, anabaya makumi awiri ndi kasanu. Anathiranso, anabayanso. Kachitatu chimodzimodzi. Anasalaza pamwamba, anachotsa zogwera m'mbali, anagwira zogwirira.

Sanakweze.

Anakhala chowerama choncho, mapazi pa timakutu, mpaka anthu a pamwamba anasiya kucheza n'kusuzumira pansi. Mgolo wanga unali kuzungulira kumbuyo kwathu. Konkire sidikira munthu, ndipo amene ankaidziwa bwino nkhani imeneyi kuposa tonsefe anali iwo.

Kenako anaweramuka, mapazi ali pomwepo.

"Mayi injiniya, tabwerani."

Mayiyo anayandikira.

"Gwirani apa ndi apa. Kanikizirani pansi kuti ndichotse mapazi."

"Bambo, ntchito imeneyi ndi yanu."

"Lero ndi yanu. Mukweze molunjika, osapotoza. Muwerenge mpaka faifi."

Mayi injiniya anapatsira kapitawo mapepala ake, anawerama, anakweza. Konkire inatsala chiimire, n'kudzikhalira mofanana mbali zonse, mutu uli bwinobwino. A Bwererani anatembenuza chitini, anagoneka ndodo, anatsitsa tepi. Tepiyo inkagunda ndodo ngwengwengwe moti manambala sankawerengeka, mpaka mayiyo anaigwira n'kuwerenga yekha.

"Sevente-faifi."

Pepala la ntchitoyo linkafuna kuti mulu utsike pakati pa fifite ndi handiredi.

"Thirani, adalaivala," anatero a Bwererani.

Ndisanasunthe, anakweza dzanja lawo lamanja pamaso pa anthu onse, chikhatho chotambasula, n'kulisiya kuti lichite zimene limachita. Linachitadi.

"Chagumula yoyamba ija ndi ichi," anauza mayi injiniya. "Ziwiri za adalaivala awa masiku apitawa ndi ichi chomwe, ndi imodzi ya dalaivala winayo. Mulembe choncho ndipo muwatumizire a kudepoti. Ndikanalemba ndekha, koma zolemba zanga masiku ano siziwerengeka."

Kapitawo anayang'ana mapepala amene anamugwiritsa aja ngati muli nkhani yofunika. Ine ndinakwera m'lole n'kuibweza chambuyo kukakhuthula. Ndinene zoona, choyamba chimene ndinamva chinali chisangalalo, kenako ndinachita manyazi ndi chisangalalocho, ndipo manyaziwo sanathebe. Pagalasi ndinawaona ali pampopi, akutsuka chitini mkati ndi kunja, ndodo, chimbale, chipande, chilichonse payekha, n'kupukuta ndi nsanza monga mwa masiku onse.

Malole ena a tsikulo anayeza mayi injiniya, iwo ataima pambali manja kumbuyo, akuwerenga mokweza. Nthawi yoweruka a Bwererani anakasiya saka ija mu ofesi. Kampani inawapempha kuti akhale mpaka mwezi uthe kuphunzitsa wolowa m'malo, ndipo anavomera. Buku la kudepoti linakonzedwa, ngakhale bwana sanapepese, anangondiuza kuti tayala lakumbuyo likuoneka lophwa.

Mwezi utatha, Loweruka masana anabwera kwathu wapansi, okha, atavala jekete. Sanali munthu woyendera ana ake popanda chifukwa, ndiye mkazi wanga atawaona pawindo anatulutsa ana kuti akasewere panja. Anakhala pampando wa pakona n'kuika chipewa pabondo.

"Apongozi," anatero, "ndinakubwezani kawiri opanda mlandu."

"Zinatha zimenezo, bambo."

"Sizinathe. Ulendo wachiwiri uja ndinkakayikira kale. Ndinafuna kuti ikhale konkire."

Munthu amene wakhala moyo wake wonse akubweza anthu, ukamuona akudzibweza yekha sukhala ndi mawu okonzeka. Ndiye ndinanena chimene chinabwera.

"Ulendo woyamba uja, kalekale, madzi ndinathiradi."

"Ndikudziwa. Ndowa zinayi kapena zisanu."

"Zinali ngati zitatu."

"Zisanu," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mkazi wanga anabwera ndi tiyi. Anandithirira ine kapu yodzaza, n'kuwathirira bambo ake theka monga amachitira mayi ake. Iwo anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali.

"Dzaza, mwanawe," anatero. "Amene timawabisira aja anaona kale."

Mkazi wanga anadzaza mpaka pamlomo. Anainyamula ndi dzanja lamanja lomwelo, tiyi anatayikira m'sosala, wina pa thalauza, wina pansi. Palibe anathamangira nsanza. Anamwa wotsalayo pang'onopang'ono, dzanja lili pamwamba pa tebulo, kenako anandifunsa ngati mnyamata wolowa m'malo mwawo uja akubaya zokwana lole yanga ikafika.

Ndinawauza kuti dzulo lake anabaya twente-thu pa gawo lachiwiri, ndipo ndinatsika m'lole n'kumuuza kuti ayambirenso.